Ndatseka chitseko changa, kodi ndatsekeranso Mulungu kunja?

Lolemba lapitali ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg koma amagona ku Cosmo City, kuno ku Joni. Andilola kuti ndiwayankhe pano, bola dzina ndibise. Kalatayo inali yaitali, ndiye ndaidula, koma mtima wake ndi uwu:

"Bambo, chaka chatha ndinalandira mwana wa azakhali anga kuchokera kumudzi. Basi ndinamulipirira ndine, ku Park Station ndinakamutenga ndine, ndipo tinkagona chipinda chimodzi cha marandi 1,800 pamwezi. Anakhala miyezi 8 osaponyapo ndi kakobiri komwe, ngakhale atayamba kupeza maganyu. Tsiku lina poweruka ndinapeza wasamuka, foni yanga ndi ndalama zimene ndinkasungira fizi ya mwana wanga wapita nazo. Mwezi uno akumudzi andiimbiranso kuti mtsikana wina wakwathu akubwera, ndimusunge. Ndakana. Lamlungu abusa analalikira za kukonda mnzako, ine n'kumangoona ngati chala chawo chikuloza ine. Chakhumi ndimapereka, kusala kudya ndimasala, m'mawa uliwonse ndimapemphera. Kodi sizingatheke kuti ndizikonda Mulungu wanga mwakachetechete, anthu n'kuwasiya? Anthu anditopetsa."

Achemwali, choyamba pepani. Ndalama ya fizi imapweteka mosiyana ndi ndalama ina, chifukwa randi iliyonse mumaidziwa kumene inachokera: mawondo pa matailosi a eni ake, msana pa ayironi, kudzuka kudakali mdima kukaima pamzere wa takisi. Ndiye woitengayo akhale munthu amene munkatsomphola naye nsima m'mbale imodzi! Musadzione ngati Mkhristu wolephera chifukwa choti mtima ukuwawa. Uyenera kuwawa.

Koma m'kalata mwanumo ndaonamo mafunso awiri amene mwawamanga mtolo umodzi. Lina n'lakuti, kodi ndingakonde Mulungu anthu n'kuwataya? Linalo n'lakuti, kodi ndikakana kusunga munthu m'chipinda changa ndiye kuti ndilibe chikondi? Loyambalo yankho lake ndi ayi. Lachiwirilo yankho lakenso ndi ayi. Chimene chikukusowetsani tulo n'choti mukuganiza kuti mukavomera loyamba ndiye kuti makiyi a chipinda mupereke kwa aliyense wotsika basi.

Pa Mateyu 22, katswiri wa malamulo anafunsa Yesu kuti lamulo lalikulu ndi liti. Silinali funso lachibwana, chifukwa malamulo a m'mabuku a Mose ndi ambiri, moti aphunzitsi a Chiyuda atadzawawerenga anapeza 613. Munthuyo anapempha limodzi, Yesu anamupatsa awiri. Ndipo sanapeke latsopano. Loti uzikonda Mulungu ndi mtima wako wonse analitenga pa Deuteronomo 6:5, mawu amene Ayuda opembedza amanena m'mawa ndi madzulo mpaka lero. Loti uzikonda mnzako monga udzikondera wekha analitenga pa Levitiko 19:18. Kenaka ananena kuti chilamulo chonse ndi aneneri n'zokolowekedwa pa malamulo awiriwa.

Mawu oti kukoloweka amenewa ine amandikumbutsa chipinda changa choyamba kuno ku Joni. Munalibe wadirobu. Ndinakhoma misomali iwiri, wina khoma ili wina khoma ilo, n'kumangapo chingwe, ndipo zovala zanga zonse zinkakhala pamenepo: ovolosi ya kuntchito, thaulo, ndi jekete limodzi la kutchalitchi limene ndinkalisamala ngati dzira. Usiku wina msomali umodzi unazuka. Sikuti theka la zovala linatsala m'mwamba poti msomali winawo unali wolimba, ayi. Zonse zinapezeka pansi, jekete la kutchalitchi lomwe. Chakhumi chanu, kusala kwanu, mapemphero a m'mawa, zonsezo ndi zovala zabwino, koma zili pachingwe chimenecho.

Yohane ndiye sanazungulire n'komwe. Pa 1 Yohane 4:20 akuti munthu wonena kuti amakonda Mulungu koma akudana ndi m'bale wake ndi wabodza, chifukwa wolephera kukonda m'bale amene akumuona sangakonde Mulungu amene sanamuone. Tinene zoona, kukonda Mulungu kumaoneka kophweka chifukwa Mulungu samaliza mayunitsi a magetsi, sasiya poto wosatsuka, sabwereka nsapato osauza mwini wake. N'chifukwa chake ambirife tikapsa ndi anthu timathawira m'mapemphero, n'kumati tayandikira kumwamba, chikhalirecho tangobisala.

Tsono tiyeni ku chitseko chanucho, pakuti apa mpamene alaliki ambiri amathamanga, ine ndikufuna tiyende pang'onopang'ono.

Nkhani ya Msamariya pa Luka 10 mumaidziwa kuyambira ku Sande sukulu. Munthu ankatsika kuchokera ku Yerusalemu kupita ku Yeriko, mtunda wa makilomita pafupifupi 27, msewu wotsetsereka wodutsa m'chipululu, achifwamba n'kumuvula, kumumenya, kumusiya ali thapsa. Wansembe anamulambalala, Mlevi chimodzimodzi. Msamariya anaima. Koma tawerenganinso bwino zimene anachita. Anatsuka mabala ndi vinyo ndi mafuta, anamanga, anamukweza pa chiweto chake, n'kupita naye kunyumba ya alendo. Anamusamalira usiku umodzi. Kutacha anatulutsa ndalama ziwiri zasiliva, zimene zinali malipiro a ganyu wa masiku awiri, napatsa mwini nyumbayo, n'kunena kuti zikapitirira adzalipira pobwerera. Atatero anapitiriza ulendo wake.

Mwaona? Sanamutengere kwawo ku Samariya. Sanasiye malonda ake kuti akhale pambali pa bedi miyezi 8. Anapereka nthawi yake, mafuta ake, ndalama yoti angakwanitse, ndipo katundu wotsalayo anagawana ndi munthu wina amene anali ndi malo. Chikondi chake chinali ndi muyeso, koma Yesu anati pita uzikachita chomwecho. Chimene wansembe ndi Mlevi analakwa si kukana kusamutsira wovulalayo kunyumba kwawo. Analakwa powolokera tsidya lina la msewu kuti asaone n'komwe.

Paulo nayenso pa Agalatiya 6 akunena zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati zikutsutsana. Pa vesi 2 akuti tizinyamulirana zolemetsa, pa vesi 5 akuti aliyense asenze katundu wake. M'Chigiriki mmene analembera, awa ndi mawu awiri osiyana. Ine ndimamva chonchi: pali thumba la chimanga limene munthu sangadzitwike yekha, ndipo pali kachikwama kake ka paulendo. Munthu amene wangofika kumene, sadziwa takisi ya ku Bree Street ndi ya ku Noord, chilankhulo sakumva, ameneyo ali ndi thumba, mutwikeni. Koma munthu amene wayamba kulandira za maganyu n'kumadyabe thukuta lanu wakusenzetsani kachikwama kake. Paulo yemweyo anauza Atesalonika kuti wosafuna kugwira ntchito asadye. Msuweni wanuyo munayenera kumukhazika pansi mwezi wachitatu, ndipo kukanakhala kumukonda kumeneko.

Ndikudziwa kuti anzanu akuuzani kale kuti chifundo chinapha nkhwali. Mwambiwo uli ndi nzeru zake, munthu usamakulunge njoka m'khosi poti ikuthawa moto. Komabe ine ndimakangana nawo pang'ono. Chinapha nkhwali ndi njoka. Ndipo vuto la munthu wolumidwa n'loti chingwe chilichonse amachiyesa njoka. Mtsikana akubwerayu sanakubereni kanthu, achemwali. Mwina foni yanu sakuidziwa n'komwe mtundu wake. Mukhoza kumukaniza chipinda pa zifukwa zomveka, malo ndi ochepa, thumba laphwa, mwini nyumba amawerenga mitu. Koma musamulipitse ngongole ya munthu wina.

Ndikulankhula ngati munthu amene anakhalapo mbali zonse ziwiri. Mu Meyi 2008, ziwawa zothamangitsa alendo zitayamba ku Alexandra n'kufalikira madera ena, anthu 62 anaphedwa ndipo zikwizikwi zinathawira ku mapolisi ndi m'matchalitchi. Ine nthawi imeneyo ndinkachita lendi kuseri kwa nyumba ya gogo wina wa Chizulu, mayi waukali amene tinkakangana naye mwezi ndi mwezi pa nkhani ya madzi. Usiku umene anyamata ankayenda ndi zibonga kufunsa nyumba za makwerekwere, dzina lonyoza ife alendo, gogo uja anabwera kudzagogoda, n'kundikokera m'nyumba mwake, kundigoneka pansi kuseri kwa sofa, iye n'kukakhala pakhomo atafunda bulangeti. Ndinamumva ndi makutu anga akuwauza kuti kuno kulibe mlendo, kuli ana ake okhaokha. Ndinakhala mmenemo masiku anayi. Lendi ya mwezi umenewo anailandirabe, osachotsapo ngakhale randi imodzi, ndipo za madzi tinapitiriza kukangana. Koma nkhani ya Msamariya ndinaimvetsa kuseri kwa sofa imeneyo. Yesu anasankha dala munthu wa mtundu umene omvera ake ankanyansidwa nawo kuti ndiye akhale wachifundo. Ife Amalawi kuno timakonda kunena kuti eni dziko alibe chikondi, ndipo tikati mnzathu timatanthauza wa ku Mzimba mnzathu kapena wa ku Mangochi mnzathu. Levitiko 19 yemweyo, pa vesi 34, akuti mlendo umukonde monga udzikondera wekha, pakuti nanunso munali alendo ku Ejipito.

Mbali inayo ndi yochititsa manyazi. Patapita zaka zingapo, ndili ndi ntchito yokhazikika, mnyamata wina wa kwathu anandiimbira ali ku Park Station madzulo. Amene anamulonjeza kudzamutenga sankayankha foni. Ine ndinali nditatopa ndi alendo ngati mmene mwatopera inumu. Ndinati ndikuimbiranso, kenaka foni n'kuithimitsa. Usiku umenewo ndinapemphera bwinobwino, ndinawerenga ndi Salimo lomwe. Mnyamatayo anagona pa benchi masiku awiri, chikwama chake n'kubedwa, pasipoti ili momwemo. Sanafune chipinda changa miyezi 8. Ankafuna munthu woti amuuze takisi yoti akwere ndi pogona pa usiku umodzi. Kumeneko ndiye kuwolokera tsidya lina la msewu, ndipo mpaka lero ndikakumana naye maso ndimaponya pansi, ngakhale iye anaiwala kalekale.

Pali chinanso chimene sindingachisiye, ndipo abusa amene amawerenga pano andikhululukire. N'chapafupi kulalikira chikondi pa guwa, katundu n'kugwera mayi mmodzi wa chipinda chimodzi. Mipingo yathu ya Amalawi kuno, kaya ku Rosettenville, ku Yeoville kapena ku Diepsloot, imadziwa kusonkha munthu akamwalira kuti thupi lipite kumudzi, ndipo zimenezo n'zabwino. Nanga bwanji sitisonkha munthu akafika wamoyo? Mutu umodzi susenza denga. Msamariya uja anali ndi mwini nyumba ya alendo womuthandiza. Ngati mpingo wanu uli ndi amayi 20, mtsikana mmodzi sangasowe pogona sabata ziwiri, wina kupereka matiresi, wina ufa, wina kumufunsira ntchito kwa abwana ake. Mukapite kwa amayi a chigwirizano kapena a Mvano, kaya kwanuko mumawatchula chiyani, mukawauze mosabisa kuti ine ndekha sindingathe. Yesu anadzudzula Afarisi pa Mateyu 23:23 kuti ankapereka chakhumi cha timbewu ta m'dimba koma n'kusiya chilungamo ndi chifundo. Mawu amenewo sakulasa inu nokha, akulasanso amene amalandira chakhumicho.

Akumudzi nawonso muwauze zoona, pakuti kunena zoona n'chikondinso. Ife tomwe ndife tinawanamiza ndi zithunzi za pa Facebook titaima pafupi ndi galimoto za eni ake ku Sandton. Auzeni kuti pa chipata cha Beitbridge amadinda masiku osapitirira 30, akatha munthu amayenda cheucheu, ndipo akagwidwa njira yake ndi ya ku Lindela ku Krugersdorp, kumene amatsekera alendo oti abwezedwe kwawo. Auzeni kuti ntchito ya m'nyumba siipezeka sabata imodzi. Ngati mtsikanayo sananyamuke, mwina chikondi chachikulu n'kumuimbira iye mwini, osati azakhali ake, kuti amve zimenezi ndalama ya basi isanawonongeke.

Za msuweni wanu uja, kukhululuka sikutanthauza kukhala chete ngati palibe chachitika. Vesi limene lili pamwamba penipeni pa lamulo la kukonda mnzako, Levitiko 19:17, likuti usamude m'bale wako mumtima, koma umudzudzule mosabisa. Ife timachita mosemphanitsa: pakamwa tili phee kuopa kuwononga chibale, mumtima tikuphika. Auzeni azakhali anu zimene mwana wawo anachita, tchulani ndalama zake, nenani kuti mukuzifuna ngakhale pang'onopang'ono. Mwina sizidzabwera. Koma mukazitulutsa pakamwa, mudzapeza kuti kumupempherera kwayamba kutheka, ngakhale poyamba pemphero lake lidzakhala louma ngati chikonyo.

Ngati mtsikanayo wakwera kale basi, musathimitse foni ngati mmene ndinachitira ine. Muuzeni kuti chipinda palibe, koma tsiku lofika mudzamuchingamira, adzagona kwanu mpaka Lamlungu, ndipo Lamlungulo mudzapita naye kutchalitchi kuti mukaonane ndi amayi anzanu. Masikuwo muwatchule iye asanavule n'komwe nsapato. Ndalama zanu musasungenso m'chitini cha pansi pa bedi. Ndipo mundilembere tsiku limene basiyo ifike. Mayi a kunyumba kuno awerenga kalata yanu, ati bulangeti ndi matiresi aang'ono alipo, angofuna wodzatenga.