Yankho kwa azakhali pa za mafayilo a chuma cha masiye

Eya azakhali, ndamva funso lanu lija, loti mwapeza amuna awiri a dzina limodzi ndiye simukudziwa kuti bambo a agogo aakazi ndi uti. Funani mafayilo a chuma cha masiye a onse awiriwo.

Muyambire komwe munthuyo ankakhala kapena komwe anali ndi malo, chifukwa fayilo imasungidwa ku khoti la dera limenelo. Mupeze dzina m'kaundula, mulembe nambala yake, kenako mupemphe fayilo yonse. Yonse azakhali, osati wilu yokha ayi. Ngati ndi ku England ndi Wales, kuyambira 1858 kaundula ndi mmodzi. M'mbuyomo nkhanizi ankaweruza ndi makhoti a tchalitchi. Mafayilo ambiri a ku America anajambulidwa, ali pa FamilySearch, webusaiti yofufuzirapo mbiri ya mabanja.

Ndiye musagwe mphwayi mukapeza kuti sanasiye wilu. Kwa ife ofufuza nthawi zambiri ndiye pabwino, chifukwa khoti linkafuna mayina a onse oyenera kulandira, pomwe mu wilu munthu amangotchula amene wawafuna. Mwana akasowa mu wilu sindiye kuti si wake. Mwina anapatsidwa kale gawo lake bambo ali moyo.

Pepala loti mulifatsire ndi la kagawidwe ka chumacho, pamodzi ndi malisiti amene olandira anasaina. Ana aakazi amalembedwa kuti wakutiwakuti, mkazi wa uje, ndiye pomwepo mwalumikiza mabanja awiri. Muonenso kukula kwa magawo. Ana anayi akalandira mofanana, koma anthu atatu n'kugawana gawo lachisanu, atatuwo kawirikawiri ndi adzukulu, kholo lawo linali litamwalira kale. Pakakhala ana aang'ono pamakhalanso pepala losankha wowasamalira, nthawi zina zaka zawo zili pomwepo.

Pomwe ambiri amasokera ndi apa. Mkazi wotchulidwa mu wilu akhoza kukhala wachiwiri, osati mayi wa ana onsewo. Komanso m'mapepala akale achingerezi, mawu amene lero amatanthauza mkamwini nthawi zina ankanena mwana wopeza, ndipo msuweni ankatha kukhala wachibale wina aliyense, ndiye musalembe ubale pepala lina lisanavomereze.

Mulembe madeti awiri, lomwe wilu inasainidwa ndi lomwe khoti linaivomereza. Imfa ili pakati pamenepo. Mukapeza fayilo mujambule tsamba lililonse, kumbuyo komwe, poti makalaliki ankalembanso kuseri, mutumize muno tiwerengere limodzi.