Kutumbuluka si kutuwa

Funso loyamba lachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu amene akukhala ku Lilongwe. Akuti: "Ndinapita kumudzi ndi mwana wanga wa zaka zitatu. Apongozi anga atangomunyamula anati, 'Mwanayu watumbuluka, kodi mwapita naye kuchipatala?' Ine zinandiwawa, chifukwa ndinamva ngati akuti sindimusambitsa kapena sindimudzoza mafuta. Kodi kutumbuluka ndi kutuwa si chinthu chimodzi?"

Amayi, mtima ukhale m'malo. Apongozi anuwo sanakunyozeni. Akanafuna kukulasani, akanati mwanayo watuwa.

Kutuwa ndi nkhani ya pamwamba pa khungu. Mwana amene wakhala akugubuduka pafumbi tsiku lonse amatuwa. Munthu akasamba ndi sopo wochapira n'kutuluka osadzola kanthu, amatuwa. Pitani ku Dedza mu June kapena July, muone miyendo ya ana asukulu m'mawa: imangoti mbuu, moti ukhoza kulembapo dzina ndi chikhadabo n'kuwerengeka bwinobwino. Mankhwala a kutuwa ndi madzi ndi mafuta basi. N'chifukwa chake mawuwa amaluma akanenedwa za mwana wa munthu, pakuti amaloza mayi kuti ndi wosasamala, kapena amaloza nyumba yonse kuti mulibe ngakhale ya mafuta odzola.

Kutumbuluka kumachokera m'kati mwa thupi. Munthu wotumbuluka amakhala kuti khungu lake lataya kuwala kwake kwa masiku onse, milomo yasiya kuoneka ngati muli magazi, ndipo nkhope ikuoneka yakufaifa. Mukhoza kumusambitsa kawiri, n'kumuthera botolo lonse la Vaseline, adzanyezimira ndithu koma adzakhalabe wotumbuluka. Mawuwa amanyamula zinthu ziwiri nthawi imodzi, mtundu ndi mphamvu. Sitinena kuti munthu watumbuluka pamene akuthamanga n'kumaseka pabwalo. Tikatero ndiye kuti taonanso kuti wafooka, akudya mokakamiza, akungofuna kugona, kapena akayenda pang'ono akupuma wefuwefu.

Ena amadabwa kuti munthu wakuda angatumbuluke bwanji. Agogo athu ankadziwa poyang'ana, ndipo ndi pomwepo pamene anamwino amayang'ana mpaka lero: m'zikhatho, pansi pa zikhadabo, pa lilime, ndiponso mkati mwa chikope cham'munsi. Namwino akakoka chikope cha mwana ndi chala, akufuna kuona ngati mkatimo muli mofiira. Mukayera, chimene amayamba kuganiza ndi kuchepa kwa magazi. Kwathu kuno zimene zimabweretsa vutoli kawirikawiri ndi malungo, amene amaononga magazi mofulumira makamaka mwa ana aang'ono, njoka za m'mimba, likodzo, ndi chakudya chosakwanira m'thupi. Amayi oyembekezera nawonso amatumbuluka msanga, n'chifukwa chake ku sikelo amapatsidwa mapilitsi owonjezera magazi. Ine ntchito yanga ndi ya mawu, si ya mankhwala, koma liwu limene apongozi anu anasankha ndi la munthu amene wada nkhawa, ndipo funso lawo lija linali loyenera. Mwana akayezedwe magazi.

Mwina mwaonanso kuti anati "watumbuluka", osati "akutumbuluka". Aneni a mtundu uwu amafotokoza m'mene chinthu chilili panopa pogwiritsa ntchito nthawi yangothayi: watopa, wawonda, wafooka, watumbuluka. Ukati "akutumbuluka" ndiye kuti ukumuona akusintha tsiku ndi tsiku, zinthu zikunka ziipiraipira.

Mkulu wa mpingo wina wa ku Mvera wafunsa za liwu lomweli koma kuchokera kwina. Akuti achinyamata a ku mpingo kwawo akamawerenga Chivumbulutso 6:8, pamene pali "kavalo wotumbuluka" wokweredwa ndi Imfa, amamufunsa kuti kavaloyo ndi wa mtundu wanji, ndipo ena amayesa kuti ndi kavalo wong'ambidwa pamimba.

Bambo, achinyamatawo asokonezedwa ndi mneni wina wofanana naye kamvekedwe, kutumbula. Timatumbula nsomba, timatumbula nkhuku kapena mbuzi kuti tichotse zam'kati. Nkhuku imene yachitidwa zimenezi imakhala yotumbulidwa, osati yotumbuluka. Kavalo uja ndi wathunthu, koma maonekedwe ake ndi a chinthu chimene moyo watulukamo. M'Chigiriki, chimene buku limeneli linalembedwamo poyamba, liwu lake limanena za mtundu wobiriwira mofooka wopita ku chikasu, umene unkanenedwanso za nkhope ya wodwala kapena mtembo. Amene anamasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, anali ndi mawu angapo oti asankhepo. "Woyera" sakanatheka, chifukwa kavalo woyera watchulidwa kale pa vesi 2 ya mutu womwewo. Omasulira ena a m'zaka za posachedwapa analemba kuti hatchi yotuwa. Si kulakwa, ndipo ana a lero amamva msanga, koma kwa ine kutuwa kukuchepa mphamvu pamenepa. Hatchi yotuwa ndimaiona ngati yoyenda pamsewu wafumbi, yofunika kuitsuka. Kavalo wotumbuluka amandichititsa nthumanzi ndisanamve n'komwe dzina la womukwerayo. Ndikanakhala inu, ndikanawafunsa achinyamatawo ngati anadwazikapo munthu mpaka kumapeto. Amene anatero mtunduwo amaudziwa.

Funso lachitatu ndi la mtsikana amene akuphunzira ntchito yomasulira ku Zomba. Anapatsidwa nkhani ya Chingerezi momwe munthu wina analandira uthenga woopsa nkhope yake n'kusintha mtundu, ndipo iye analemba kuti "nkhope yake inayera ndi mantha". Aphunzitsi ake anadula mzere pansi pake osanena chifukwa.

Achemwali, aphunzitsiwo anachita bwino, ngakhale akanakuuzani chifukwa chake. Kuyera m'Chichewa kuli ndi katundu wambiri kale: mbale yotsukidwa yayera, kunja kukacha kwayera, munthu wa khungu lowala timati ndi woyera, ndipo kutchalitchi timapemphera kwa Mzimu Woyera. Mukati nkhope inayera, wowerenga aganiza kuti munthuyo wasukusula. Timatha kunena kuti zikhatho zayera kapena m'maso mwayera tikamafotokoza wodwala, koma pamenepo timatchula chiwalo chenichenicho. Mukanalemba kuti "nkhope yake inatumbuluka" zikanamveka, koma onani kuti kutumbuluka nthawi zambiri kumabwera pang'onopang'ono, ndi matenda kapena njala. Mantha ndi a mwadzidzidzi, ndipo Mchewa mantha amawaona kwina. Timati anazizira nkhongono, anangoti kakasi, mtima unangoti myu, thukuta linangoti kamukamu. Azungu amaona mantha pankhope chifukwa khungu lawo limasintha mtundu poyera. Ife timawaona m'mawondo ndi pakamwa posowa chonena. Sankhani limodzi mwa amenewa, nkhaniyo idzayenda.

Pali amene afunsa ngati chovala chingatumbuluke. Angakumveni, koma chitenje chimene chathera mtundu padzuwa kapena m'madzi timati chasuluka kapena chafwifwa. Chimanga chosowa feteleza, masamba ake akayamba chikasu, alimi ambiri amati chayezuka, ndipo liwu lomwelo limanenedwa za tsitsi la mwana wonyentchera likasiya kuda. Musasokoneze kusuluka ndi kusukuluka: chimene chimasukuluka ndi kukoma, monga mchere kapena ndiwo zimene mwathiramo madzi ambiri.

Womaliza ndi mphunzitsi wa pulayimale ku Mchinji, amene akufuna kudziwa kusiyana kwa kufooka ndi kulefuka, ndiponso chifukwa chake lina limatha ndi -oka pamene lina ndi -uka.

Aphunzitsi, onse awiri amanena za kutha kwa mphamvu popanda kukhudza mtundu wa khungu. Kufooka ndi kwa ponseponse: thupi limafooka, chikhulupiriro chimafooka, timu imafooka m'chigawo chachiwiri. Kulefuka n'kozama pang'ono, ndi pamene manja ndi miyendo zangoti lefu, ngati munthu amene watsegula m'mimba usiku wonse kapena walima pa dzuwa la October osamwa madzi. Likapitirira pamenepo ndiye kulobodoka, mwana kukhosi osalimba, mutu n'kumagwera paphewa. Ameneyo safunsirana, amathamangira naye kuchipatala.

Za mathero aja, yang'anani lembo la liwu (a, e, i, o, u) lomaliza matherowo asanayambe. Likakhala o, mathero amakhala -oka: fooka, lobodoka, thyoka, gomoka. Likakhala lina lililonse, amakhala -uka: lefuka, yezuka, suluka, tumbuluka, ng'aluka. Alembereni ana mawu amenewa pabolodi m'mizere iwiri, musawauze lamulo, muone ngati sadzalitulukira okha belu lisanalire.