Kuchotsa pulley ya pampu ya power steering opanda chida chake

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kuchotsa pulley (kagudumu komwe lamba amadutsapo) ya pampu ya power steering pomwe mulibe puller yake (chida chokokera pulley), poti pampu yayamba kudontha ndipo yatsopano mwagulayo yabwera yopanda pulley. N'zotheka ndithu, koma hamala ija iyambe yakhala pansi. Muyang'ane kaye pakati pa pulley, chifukwa sizimangidwa mofanana.

Mukaona nati imodzi yaikulu pakati, monga zimakhalira pa magalimoto ambiri a Toyota ndi Nissan, muli ndi mwayi. Natiyo muimasule lamba akadali pomwepo, chifukwa lambayo ndi amene akugwirireni pulley. Ngati ikuterereka, kulungani lamba wakale pa pulley n'kumupana mwamphamvu, kapena lowetsani kachitsulo pa limodzi la mabowo a pulley katsamire pamalo olimba. Nati ikachoka, thirani mafuta osungunula dzimbiri, mudikire pang'ono, n'kuigwedeza uku ndi uku. Ngati pa shafti pali kakiyi kakang'ono, musakataye. Mukaona mabawuti atatu kapena anayi, monga pa magalimoto ambiri a ku Germany, ndiye palibe nkhani: masulani mabawutiwo lamba akadali pomwepo, basi.

Vuto lili pa pulley yopanda nati kapena bawuti, yomwe anangoikanikizira pa shafti. Imeneyi imapezeka kwambiri pa magalimoto a GM, Ford ndi Chrysler. Mudzaizindikira ndi kakhosi komwe kali pakati, kokhala ndi kangalande kozungulira, komanso bowo la mazinga mkati mwa shafti. Kangalande kaja sanakaike pokongoletsa, ndiye pokokera pake. Mphamvu zonse ziyenera kuthera pamalo awiri okha: kukoka pa kakhosi ndi kukankha pamutu pa shafti. Mukakoka m'mbali ndi puller wamba wa miyendo itatu, pulley yachitsulo imapindika ndipo yapulasitiki imasweka. Yopindikayo ndiye yoipitsitsa, chifukwa ndi maso mwina simungaone, mudzangodabwa lamba akulira, kudyeka mbali imodzi, kenako kuvuka. Kumenya shafti ndi hamala nakonso kumapweteka za mkati mwa pampu, ndipo moto wa gasi umapsereza seal, labala yotsekera mafuta kuti asadonthe.

Chida chosavuta kubwereka ndi bearing separator, zitsulo ziwiri zija zokumana pakati zomwe amachotsera mabering'i. Milomo yake muilowetse mu kangalande, mumange bwino, n'kuikapo puller ya mabawuti awiri kuti bawuti yapakati izikankha shafti. Ngati nayonso palibe, wowotcherera aliyense angakupangireni chofanana nacho. Atenge chitsulo chafulati chochindikala, acheke mpata wooneka ngati U wolowa ndendende mu kangalande, aboole mabowo awiri m'mbali. Chitsulo chachiwiri chikhale ndi mabowo awiri ofanana ndi amenewo ndi lachitatu pakati, pomwe awotchererepo nati. Mukalumikiza ziwirizi ndi mabawuti aatali, bawuti yapakati ndi imene izikankha. Chitsulo chopyapyala musachiyese n'komwe, chimangotseguka milomo n'kudya kakhosi, ndipo kakhosi kakadyeka ngakhale puller yeniyeni sigwiranso.

Pakati pa bawuti yokankhayo ndi shafti muikepo kachitsulo kafulati kocheperapo kuposa shafti, kuti bawuti isalowe m'bowo n'kuwononga mazinga. Pakani girizi pa bawuti, muzimanga pang'onopang'ono ndi sipanala. Poyamba imakanirira, kenako imalira kamodzi n'kuyamba kutuluka. Musadzidzimuke nako kulirako.

Poti pampu yakaleyo mukuitaya, pali njira ina yachidule. Ichotseni pa injini pulley ili pomwepo (ma pulley ena ali ndi mabowo oti soketi ifikire mabawuti a kumbuyo), mupite nayo pomwe pali press, makina okanikizira zitsulo mwamphamvu. Atsamiritse pulley pakati penipeni, pafupi ndi shafti, n'kukankha shaftiyo ituluke. Apa za mkati mwa pampu zilibenso ntchito, chofunika n'choti pulley ituluke yowongoka.

Musanachotse chilichonse, yezani kapena jambulani mmene pulley yakhalira pa shafti. Nthawi zambiri kakhosi kamalingana ndi mutu wa shafti, koma si pa galimoto iliyonse. Kusiyana kwa mamilimita awiri okha n'kokwanira kuti lamba wa mizere yambiri uja ayambe kudyeka. Jambulaninso mmene lamba wadutsira, ndipo chotsani waya wa negative ku batire.

Kubwezeretsa n'kosavuta, ndipo n'komwe anthu ambiri amapherako pampu yatsopano poikhoma ndi hamala. Pezani bawuti yaitali yolimba yolingana ndi mazinga a mkati mwa shafti. Pa mapampu ambiri a GM ndi 3/8-16, pa ena ndi M8, choncho yesani ndi dzanja kaye, musakakamize. Lowetsani nati ndi mawashala angapo aakulu pa bawutiyo, mupake girizi pakati pa mawashala, muimange mu shafti mpaka ifike pansi. Gwirani mutu wa bawuti ndi sipanala imodzi, inayo muzitembenuza nati. Natiyo ndi imene ikankhe pulley mpaka ifike pomwe munayeza paja. Ikayamba kulowa mopendekeka, imani, muitulutse, muyambirenso.

Mukamanga zonse thirani mafuta omwe alembedwa pa chivindikiro kapena m'buku la galimoto. Ma Toyota ambiri amalola ATF (mafuta a giyabokosi ya otomatiki) ya Dexron, koma Honda imafuna mafuta akeake. Kwezani matayala akutsogolo ndi jeke, mutembenuze chiwongolero mbali zonse mpaka kumapeto kangapo injini ili chozima, muwonjezere mafuta, kenako mulize injini n'kubwerezanso mpaka thovu litatha. Mutiuze mtundu wa galimoto ndi injini yake, ndipo ngati mungathe tumizani chithunzi cha pakati pa pulley, tikuuzeni bawuti yoti mugule.