Tafunsani: Agogo anga anali mzungu wa ku Ireland, ndiyambire pati?

Bambo,

Ndine mayi wa ku Mufakose kuno ku Harare. Agogo anga aakazi anabwera ali mtsikana kuchokera ku Dedza, potsatira alongo awo amene ankagwira ntchito ya njanji. Amayi anga anabadwa mu 1938, ndipo m'banja mwathu si chinsinsi kuti bambo awo anali mzungu wa ku Ireland, kapitawo wa pa njanjipo. Ukwati sunamangidwe kutchalitchi kapena kuboma. Ankatumiza kangachepe mpaka amayi atayamba sukulu, kenako kunangoti zii. Amayi anatisiya chaka chatha. M'sutikesi mwawo tapezamo kabuku ka mapemphero ka Chikatolika, mkati mwa chikuto munalembedwa dzina la mzunguyo ndi mawu akuti "Cork". Mwana wanga atalemba dzinalo pa intaneti panatuluka anthu mazanamazana. Wina watiuza kuti tisadzivute chifukwa mapepala onse a ku Ireland anapsa pa nkhondo. Kodi ndi zoona? Nanga mwana wangayo akuti zimenezi zingamupezetse pasipoti ya ku Ireland?

Mdzukulu wofunafuna, Mufakose

Mayi,

Pepani ndi maliro a amayi anu. Dzina la agogo anu aamunawo ndalichotsa m'kalatayi, chifukwa mwina ali ndi adzukulu ena amene sadziwa kuti ku Mufakose kuli abale awo, ndipo si bwino kuti akamvere m'magazini.

Amene anakuuzani za moto sananame, koma nkhaniyo anaidula pakati. Pa 30 Juni 1922, nkhondo yapachiweniweni itangobuka ku Ireland, nyumba yosungira mapepala a boma pa Four Courts mumzinda wa Dublin inaphulika n'kunyeka. M'menemo munathera makalembera a 1821, 1831, 1841 ndi 1851, kupatula zidutswa zochepa, pamodzi ndi makaundula a maparishi pafupifupi 1,000 a Church of Ireland, omwe ndi a Anglican a kumeneko. Makalembera a 1861 ndi 1871 boma linali litawawononga kale lokha, ndipo a 1881 ndi 1891 anawagaya pa nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse, mapepala atasowa. Koma a 1901 ndi 1911 anapulumuka. Makaundula a boma a ana obadwa, maukwati ndi imfa anali ku ofesi ina. Mabuku a Akatolika nawo ankasungidwa ndi ansembe m'maparishi mwawo, moto sunawanunkhize n'komwe. Munthu amene anali kapitawo mu 1938 ayenera kuti anabadwa chapakati pa 1885 ndi 1910, ndiye kuti agogo anu agwera m'zaka zimene mapepala ake alipo ambiri.

Chimene chikuvuteni ndi mawu amodzi aja akuti "Cork". Mukukumbukira zitupa za makolo athu obwera kuchokera ku Nyasaland: pamafunika mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, ndipo munthu wongoti "kwathu ndi ku Dedza" palibe amene akanamulondolera pakhomo. Ku Ireland n'chimodzimodzi. Chilumba chonsecho chili ndi maboma 32 amene amawatcha county, pansi pake pali maparishi, ndipo pansi penipeni pali townland, kadera kakang'ono komwe nthawi zina kamangokhala ndi mabanja khumi. Ma townland amenewa ndi oposa 60,000. Cork ndi county yaikulu kuposa zonse, ndi dzinanso la mzinda, komanso doko la Cobh, lomwe kale linkatchedwa Queenstown, pomwe anthu ochuluka ankakwerera sitima pochoka m'dzikomo, lili komweko. Onjezani apo mwambo wawo wotcha mwana wamwamuna woyamba dzina la agogo ake a kuchimuna, wachiwiri la agogo a kuchikazi. Mapeto ake m'parishi imodzi mumapezeka anyamata asanu a dzina limodzi ndi chiwongo chimodzi. Ndiwo mazanamazana amene mwana wanu wawaona aja.

Choncho za ku Ireland zisiyeni kaye. Yambani pa Borrowdale Road muno mu Harare, ku National Archives of Zimbabwe, nyumba yosungira mapepala a boma. Mzungu akamwalira m'masiku a Southern Rhodesia, abale kapena osunga chuma chake ankadzaza chikalata chotchedwa death notice, ndipo pamenepo pamalembedwa kumene anabadwira, maina a bambo ndi mayi ake, zaka zake, mkazi wake ndi ana. Maina awiri a makolowo ndiwo mukufuna, chifukwa ndi amene adzasiyanitse agogo anu ndi anzawo a dzina lomwelo. Zikalata zoterezi za 1904 mpaka 1976 zilinso pa tsamba la intaneti la FamilySearch kwaulere, mwana wanu akhoza kuyamba usiku uno pa foni. Mukapeza, pemphani fayilo yonse ya chuma cha masiye, muwerenge wilo yake mzere ndi mzere, muone ngati sanasiyire agogo anu aakazi kapena amayi anu kenakake, ngakhale osatchula ubale. Kumbukiraninso kuti likulu la kampani ya njanji ya Rhodesia Railways linali ku Bulawayo. Kuti zii kuja mwina kunali kusamutsidwa, mwina nkhondo imene inayamba mu 1939, mwina imfa, choncho musangoyang'ana manda a mu Harare a Pioneer ndi Warren Hills okha. Ambiri obwera kuno ankakwera sitima zapamadzi za kampani ya Union-Castle ku Southampton, ku England, kupita ku Cape Town, ndipo mindandanda ya okwera sitima zochoka ku Britain kuyambira 1890 mpaka 1960 ili pa masamba a intaneti a Findmypast ndi Ancestry, ngakhale iyo ndi yolipira.

Malo achiwiri ndi parishi imene amayi anu anabatizidwira. Ine ndinasungapo mabuku a ubatizo pa parishi ina ku Highfield, ndipo masamba otere ndawaona. Danga la dzina la bambo limakhala lopanda kanthu, koma m'mphepete wansembe analembamo timawu ndi pensulo, mwina chiwongo chokha, mwina ntchito ya munthuyo. Pa satifiketi imene amakulemberani ku ofesi timawu timeneti satikoperapo. Pemphani mwaulemu kuti muone buku lenilenilo.

Malo achitatu ndi pakhonde la achikulire amene atsala. Ife Achewa mwana ndi wa kwa amake, amaleredwa mu mbumba ya atsibweni ake, motero za bambo wochokera kutali sizinkasungidwa kwenikweni, makamaka bambo amene ubale wake unkanenedwa monong'ona. Pitani kwa ana a alongo a agogo anu aja mwezi uno, osati chaka chamawa. Musawafunse kuti mzunguyo anali wa kuti, adzangoti wa ku Ulaya. Afunseni kuti ankakhala pa siteshoni iti, Misa ankapita kuti, anali ndi mchimwene kapena mlongo wake kuno, anali wamkulu bwanji poyerekeza ndi atsibweni.

Mukakhala ndi maina a makolo ndi chaka choyerekeza, apo ndiye tsegulani kalembera. Uli pa tsamba la National Archives of Ireland, ndipo salipiritsa. Wa 1901 unachitika usiku wa pa 31 Malichi, wa 1911 pa 2 Epulo. Chimene ndimakondera makalembera awiriwa n'chakuti mumaona pepala lenileni limene mwini nyumba anadzaza, lotchedwa Form A, ndi siginecha yake pansi, kapena kamtanda ngati sankatha kulemba. Pamalembedwa aliyense amene anagona m'nyumbamo usiku umenewo, ubale wake kwa mwini nyumba, mpingo, zaka, ntchito, county imene anabadwira, ngati amatha kuwerenga ndi kulemba, ndiponso ngati amalankhula Chiairishi. Wa 1911 unafunsanso amayi apabanja kuti akhala zaka zingati m'banja, abereka ana angati amoyo, ndipo atsala angati. Mukaona obadwa 9, otsala 6, dziwani kuti pali ana atatu oti muwafunefune m'kaundula wa imfa. Anthu ambiri amalekera pa Form A, koma inu tsegulaninso B1 ndi B2. B1 ikuuzani ngati nyumbayo inali yamiyala kapena yadothi, yofolera udzu kapena ayi, zipinda zingati, mazenera angati kumaso, ndi mwini malo amene inamangidwapo. B2 imawerenga makola, la ng'ombe, la nkhumba, la nkhuku. Mwina mudzadabwa kupeza kuti bwana wa pa njanji anakulira m'nyumba ya udzu ya zipinda ziwiri, anthu khumi. Pofufuza musaumirire kalembedwe kamodzi ka dzina. Banja lomwe ndi Sullivan mu 1901 limatha kukhala O'Sullivan mu 1911, ndipo ena mu 1911 anadzaza m'Chiairishi, John n'kukhala Seán.

Kuchoka apo pitani pa irishgenealogy.ie, tsamba la boma, laulerenso. Boma linayamba kulembetsa ana onse obadwa, maukwati ndi imfa mu 1864, ngakhale maukwati a omwe sanali Akatolika anayamba mu 1845. Amaonetsa za kubadwa zopitirira zaka 100, maukwati opitirira zaka 75, imfa zopitirira zaka 50. Kaundula wa kubadwa kwa agogo anu adzakupatsani townland, ntchito ya bambo awo ndi chiwongo cha mayi awo asanakwatiwe. Wa ukwati wa makolowo adzatchula abambo a mbali zonse ziwiri, ndiye mwakwera m'badwo wina.

Kuseri kwa 1864 n'kumene mabuku a parishi amagwira ntchito. Mu 2015 National Library of Ireland inaika pa intaneti, pa registers.nli.ie, zithunzi za makaundula a ubatizo ndi ukwati a maparishi a Chikatolika oposa 1,000, ofika cha m'ma 1880. Pamenepo simulemba dzina n'kudikira kuti lituluke. Mumasankha parishi, n'kumavundukula tsamba ndi tsamba, inki yofufuma, zolemba za wansembe wotopa, zambiri m'Chilatini. James mudzam'peza ali Jacobus, William ali Gulielmus, John ali Joannes, Bridget ali Brigida, koma chiwongo sichisintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa foni yaing'ono mudzangopweteka maso, bwerekani kompyuta. Lembaninso maina a atate ndi amayi a ubatizo, chifukwa kawirikawiri ankakhala achibale. Mwayi wanu ndi wakuti maparishi ambiri a dayosizi ya Cork and Ross anakopedwa kale pa irishgenealogy.ie, pomwe mungafufuze ndi dzina. Samalani chinthu chimodzi: parishi ya boma, imene imatchulidwa m'mapepala a malo ndi msonkho, si nthawi zonse imafanana malire kapena dzina ndi parishi ya Akatolika. Pofuna kutsimikiza kuti banjalo linalidi m'townland imeneyo, onani Griffith's Valuation pa askaboutireland.ie, kaundula wa 1847 mpaka 1864 wotchula amene ankachita lendi munda kapena nyumba iliyonse. Zaka zimenezi n'zomwenso njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852, mbatata ya kachewere itaola m'minda, inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kuthamangitsa enanso otero, choncho mabanja ena amangozimirira m'buku popanda chonena. Maparishi ambiri akumidzi mabuku awo amayamba cha m'ma 1820 kapena 1830. Mukafika pamenepo mwafika, ndipo wina akadzakutsatsani chikalata chokongola chokulumikizani ndi mafumu akale a ku Ireland, sungani madola anu.

Za pasipoti ndinene mosapsatira. Lamulo la Ireland limalola mdzukulu wa munthu wobadwira pachilumbapo kulembetsa mu Foreign Births Register, kaundula wa obadwira kunja, n'kukhala nzika. Mdzukuluyo ndinu. Mwana wanu ndi chidzukulu, ndipo akanayenera pokhapokha inu mukanalembetsa iye asanabadwe. Ngakhale kwa inuyo, amafuna masatifiketi olumikizana kuyambira kwa agogo, amayi, mpaka inu, ndipo ngati pepala la kubadwa kwa amayi silitchula bambo awo, kabuku ka mapemphero sikangatseke mpata umenewo. Ofesi ya kazembe wa Ireland yoyang'anira Zimbabwe ili ku Pretoria, mukhoza kuilembera. Kuyezetsa DNA kungakupezereni asuweni a ku Cork kapena ku Bulawayo. Mukawapeza, kalata yoyamba ikhale yaifupi, yotchula kabukuko ndi chaka, yosapempha kanthu.

Bambo,

Ndikulemba mbiri ya sisitere wina wa ku Ireland amene anaphunzitsa amayi anga. Banja lake ndalipeza m'makalembera onse awiri, koma agogo ake aakazi ali ndi zaka 58 mu 1901, pomwe mu 1911 ali ndi 74. Kodi ndasokoneza mabanja?

Mphunzitsi wopuma, Dzivarasekwa

Aphunzitsi,

Mwina simunasokoneze. Mu 1908 kunakhazikitsidwa lamulo la penshoni ya okalamba, ndipo kuyambira Januwale 1909 munthu wosauka wa zaka 70 ankalandira mpaka mashereni asanu pa sabata. Popeza kulembetsa ana kunayamba mu 1864, nkhalamba za nthawiyo zinalibe satifiketi, ndiye ambiri anakalamba mofulumira pakati pa makalembera awiriwo. Ena zaka zawo sankazidziwa n'komwe. Boma linkatsimikiza poyang'ana m'kalembera wa 1841 ndi 1851, ndipo mafomu a kafukufukuyo anapulumuka, ali pa tsamba la National Archives of Ireland. Zaka zenizeni za gogoyo mukazipeza m'buku la ubatizo.

Chimene mungasokoneze ndi dzina la sisitereyo. Masisitere ankalandira dzina latsopano polumbira. Mother Patrick wa chipani cha Dominican, amene anamwalira muno mu Harare mu 1900, kwawo ku County Meath anabadwa ali Mary Anne Cosgrave. Funsani ku nyumba ya chipani chake dzina lobadwa nalo ndi maina a makolo ake, kenako yerekezani townland, ntchito ya bambo ndi mndandanda wa ana m'makalembera onse awiri. Zikagwirizana zimenezo, banja ndi lomwelo.