Kusikelo amayankhula ndi ine, mwini mimba ali pompo

FUNSO: Anti ndithandizeni. Mng'ono wanga ndi wosamva chibadwire, pano ndi woyembekezera miyezi isanu. Tikapita kusikelo anesi amangoyankhula ndi ine iye ali pompo ngati kamwana, ndiye tsiku lina ine ndili kumaliro anapita yekha, anabwerako ndi mapilisi osadziwa kuti amwe bwanji. Ineyo zamanja ndimadziwa zapanyumba basi. Nditani? Wodandaula, Balaka.

YANKHO: Achemwali pepani, komanso zikomo kuti simunamutaye mng'ono wanuyo. Koma ndikufunseni kaye, munamufunsapo mwini wakeyo ngati amafuna kuti muzimva zonse? Kusikelo amayeza magazi, amafunsa za abambo a mwana, zina zoti ngakhale inuyo simungakonde kuti mkulu wanu amve. Wosamva nayenso ali ndi zinsinsi zake, ife achibale timaiwala zimenezo chifukwa tinazolowera kumuyankhulira.

Zapanyumba zija zimatha pa nkhani ya nsima ndi kutunga madzi, zikafika pa BP kapena mankhwala a malungo zimakanika. Chinenero chamanja cha ku Malawi ndi chinenero chenicheni, ana amaphunzira ku Mua ku Dedza, ku Maryview ku Nguludi, ku Embangweni ku Mzimba. Funsani a MANAD, bungwe la anthu osamva, akulozereni womasulira, ngakhale pa video call ya WhatsApp zimatheka bola bundle ilipo. Omasulirawo ndi ochepa heavy, sindikunamizani, ndiye yambani kufunsa tsiku lasikelo lisanayandikire. Inunso muphunzireko, mwana akubwerayu adzafunika kumva amayi ake.

Pomwe womasulira sanapezeke, pemphani anesi ayang'ane iyeyo poyankhula, atsitse mask ngati amawerenga milomo, ndipo alembe mubuku lakusikelo m'Chichewa chosavuta. Pa kapepala ka mapilisi ajambule dzuwa ndi mwezi, kenako iye asonyeze yekha m'mene wamvera. Kugwedeza mutu musakukhulupirire, ambiri amagwedeza kuti zingotha.

Akakana kapena kumukalipira, kadandauleni kwa ombudsman wa pachipatala, amene amalandira madandaulo a odwala, m'zipatala za boma zamaboma amakhalapo. Dziko lathu linavomereza pangano la UN la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndiye musapite ngati mukupempha chifundo ayi. Ndipo za tsiku lochira mukambirane pano pano ndi anesi kuti adzalowe naye ndani, chifukwa kuleba kuja amakuwa kuti kankha, iye sadzamva.