Za ulendo wa achinyamata ku Matandwe, maganizo anga ndi awa

Achimwene, ndaona funso lanu loti achinyamata a kutchalitchi kwanu akufuna kukayenda ku nkhalango ya Matandwe komanso kukadzalako mitengo, ndiye mukufunsa poyambira. Ndasangalala kwambiri chifukwa ambiri kuno ku chigwa cha Shire nkhalangoyi timangoidziwa ndi matumba a makala otsika panjinga basi.

Musangonyamuka ayi. Matandwe ndi nkhalango ya boma, yotetezedwa kuyambira 1931, ndiye yambani mwafika ku ofesi ya zankhalango pa boma la Nsanje muwauze tsiku ndi kuchuluka kwanu, kenako mukaonekere kwa amfumu a mudzi umene mukalowere ndi komiti yawo ya zachilengedwe. Akupatseni munthu wodziwa njira. Kumbukiraninso kuti nkhalangoyi inagundana ndi Mwabvi, malo otetezedwa a nyama zakutchire, malamulo ake ndi ena, musamangodutsa malire.

Koma za kudzala mitengozo ndiye ndikufuna tilankhulane bwino. Ife tinapangapo zimenezi kwathu, tinatenga mbande zambirimbiri ku nazale, tinadzala tsiku limodzi, kujambulitsa, kuika pa Facebook, aliyense kwawo. Pofika Okutobala kunalibe kanthu, mbuzi zinadya, chiswe chinadya, zotsalazo dzuwa lathu lino lopitirira madigiri 40 linamaliza. Mpaka pano zimandiwawa ndikadutsa pamalopo. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma kuno mvula ndi yochepa ndipo imadula msanga ndiye ngati mukudzala dzalani ndi mvula yoyambirira yokhazikika, osati mu Malichi, ndipo mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wake woti aziutchingira ndi minga komanso kuupalira. Nimu, bwemba ndi msangu zimapirira kutentha, koma nimuyo dzalani kumudzi ndi kusukulu, m'nkhalango muzikhala mitengo yachilengedwe.

Chimene ndingakulimbikitseni kwambiri ndi kusamalira zitsa zophukira. Tsanya akadulidwa ndi owotcha makala safa, chitsa chimatulutsa mphukira zambiri, inu mumangopatulira kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, ndipo poti mizu yake inalowa kale pansi zimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu ndipo sizifuna kuthirira. Ntchito yachiwiri ndi kulambula njira zotchinga moto mvula ikangotha, cha mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse. Moto wa osaka mbewa ndi umene umapha timitengo tating'ono chaka ndi chaka. Ntchito yake ndi ya khasu ndi chikwakwa, yotopetsa, pachithunzi sioneka bwino, koma a zankhalango mukawauza kuti mwabwerera imeneyi muona mmene akulandirireni.

Tsiku la ulendolo nyamukani m'mamawa kwambiri kuti pofika 11 koloko mukhale muli pamthunzi. Madzi aliyense malita osachepera atatu, nsapato zotseka chifukwa cha njoka ndi minga. Chakudya phikiranitu kunyumba, musakasonkhe moto mkatimo, ndipo wosuta fodya asiye kaye. Majumbo ndi mabotolo abwerere m'chikwama. Sipika ija ya kwaya isiyeni kunyumba chonde, mukamve mbalame. Mukapeza ming'oma ya njuchi musaiyandikire, ndi ya anthu a m'midzi yozungulira. Mukapeza msampha kapena uvuni wa makala musakangane ndi munthu, ambiri mwa iwo ndi abale athu omwe njala yawapanikiza, ingokumbukirani malowo mukauze komiti.

Anawo muwafotokozere chifukwa chake nkhalangoyi iyenera kusamalidwa. Onse akukumbukira madzi a 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Inde madzi ambiri a Shire ndi Ruo amachokera kumtunda, koma timitsinje totsika m'mapiri athu omwewa tikapeza phiri lili mbee timabwera ndi mchenga ndi miyala kudzakwirira minda kumunsi kuno.

Ngati pali kandalama kotsala, tsiku lina mudzawatengere ku malo otetezedwa a nyama a Lengwe kufupi ndi Nchalo akaone boo ndi njati pa dziwe, pali polipira pageti ndiye funsani mtengo wa gulu musanapite. Mukagwirizana tsiku lolambula ndiuzeni, chikwakwa ndili nacho ndibwera.