Kwa mayi a ku Muloza amene afunsa ngati Mulungu akuwalanga

Mayi, mwalemba kuti nyumba inapita ndi madzi a namondwe Freddy mu Marichi 2023, ntchito ya bambo ku esiteti inatha, mwana akudwaladwala, ndiye ena akuti pali tchimo lomwe simunalape. Pepani kwambiri, katundu ameneyu ndi wolemera.

Yambani ndi kutula mawu oti chilangowo. Pa Yohane 9, ophunzira ataona munthu wosaona chibadwire anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake. Yesu anati palibe. Pa Luka 13:4 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nati sanali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Madzi otsika m'phiri la Mulanje aja sankafunsa kuti khomo ili ndi la wopemphera kapena ayi, ankangotsata chigwa. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete. Anayamba kulakwa atatsegula pakamwa kufotokoza chifukwa, ndipo pa Yobu 42:7 amene Mulungu anawakwiyira ndi iwowo.

Kenako thupi. Pa 1 Mafumu 19 Eliya anapempha kufa, koma mngelo sanamulalikire: anam'dzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, anagonanso, anadyanso, mawu a Mulungu anabwera pambuyo. Mwanayo apite kuchipatala akayezedwe, ndipo mankhwala amalize onse ngakhale ataoneka kuti wachira. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Munthu akatopa amafuna yankho la lero lomwe, ndiye amagulitsa nkhuku kuti agule madzi kapena mafuta odzozedwa, mwinanso kusiyitsa wodwala mankhwala poti ndi chikhulupiriro. Amene akukutchulirani mtengo wa pemphero, m'thaweni.

Popemphera musadzikakamize kuthokoza mtima ukulira. Tsegulani Salimo 13, ndi lalifupi, lili ndi mavesi 6 okha, ndipo Davide akufunsa kanayi kuti mpaka liti. Muziliwerenga mokweza m'mawa uliwonse kwa sabata yathunthu, mukafika pa mawu oti mdani muzitchula vuto lanu ndi dzina lake: njala, ngongole, malungo. Tsiku limene mwalephereratu, Salimo 88 lilipo, limathera mumdima popanda chitonthozo, koma lili m'Baibulo.

Tenganinso pepala mulembe mavutowo m'magulu atatu: zimene manja anu angachite sabata ino, zimene zikufunika thandizo la anthu ena, ndi zimene palibe munthu angazisinthe. Zikasakanikirana, munthu amagona osatseka maso chifukwa cha mvula imene sangailamule, kwinaku akuchita manyazi kukauza mkulu wa mpingo kuti ufa watha.

Ena akuuzani za kudulira kwa pa Yohane 15:2, ndipo ife kuno timakudziwa. Munda wa tiyi ukaduliridwa umatsala zitsa zotuwa, nthambi zili mbwee m'mizere, mlendo nkumati wafa, koma mvula ikagwa nsonga zanthete zimaphuka. Onani kuti nthambi imene amaidulira ndi yobala kale. Komabe mawu amenewa sitinena pamaliro kapena kwa munthu amene akugona m'kachisakasa, amabaya ngati minga. Yosefe anagulitsidwa ali ndi zaka 17, anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, ndipo mawu oti Mulungu anazisandutsa zabwino, a pa Genesis 50:20, anawanena atayika kale maliro a bambo ake. Ngakhale pamenepo, zimene abale ake anachita anazitchulabe kuti zoipa. Choncho ngati lero simukuona tanthauzo lake, sikuti chikhulupiriro chanu chachepa.

Lamulungu likubwerali mukaonane ndi amayi a Mvano, kapena a mphakati ngati ndinu Akatolika, muwauze zapagulu lachiwiri zija mosabisa. Nafe amene tili kufupi ndi Muloza, Yakobo 2:15-16 satilola kungolemba kuti tikukupemphererani. Amene ali ndi chigoba cha chimanga kapena lata lotsala alankhule.